Mwana wosekedwa chifukwa cha mmene amadzimvera: zimene mphunzitsi angachite kuti asasiye sukulu

M'makalasi athu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje mumapezeka mwana wobadwa wamwamuna koma mumtima amadzimva kuti ndi mtsikana, kapena wobadwa wamkazi wodzimva kuti ndi mnyamata, amene ena amati transgender. Nzeru ali nazo. Chimene chimamuthera ndi mtima wofuna kubwera kusukulu.

Yambani ndi kuchimbudzi. Mwana woopa kukavulidwa ndi anzake amaleka kumwa madzi kuti asamve mkodzo. Mu Okutobala ku Ngabu kapena ku Bangula, kutentha kukafika madigiri 40, zotsatira zake ndi mutu, chizungulire ndi kusinza. Kenako amathawa, ife n'kumati ndi waulesi. Muloleni azituluka mphindi zisanu belu lopumira lisanalire, kapena pemphani ahedi kuti azigwiritsa ntchito chimbudzi cha aphunzitsi. Chifukwa chake musachilengeze.

Akakuululirani zakukhosi, musathamangire kwa makolo kapena ku komiti. Mufunseni kuti kwawo amakhulupirira ndani, kaya ndi azakhali kapena agogo. Malamulo oletsa kugonana kwa amuna okhaokha akadalipo, khoti linakana kuwachotsa mu 2024, ndipo ambiri sasiyanitsa nkhaniyi ndi ya mmene mwanayu amadzimvera. Mawu otayika mu ofesi ya aphunzitsi akhoza kumupitikitsa pakhomo. Koma ngati akumenyedwa, wagwiriridwa kapena akukamba zodzipha, musabise. Muuzeni kaye kuti mukufuna thandizo, ndipo imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Za kulimbikira, ambirife timadalira mphoto: sopo, kope, kuwerenga mayina kuyambira nambala wani. Mu 1971 katswiri wa za maganizo a anthu, Edward Deci, anapeza kuti ophunzira amene ankalipidwa pochita masewera oganiza anachepetsa kuwachita malipiro atasiya. Iye ndi katswiri mnzake Richard Ryan anafotokoza kuti chidwi chokhalitsa chimamera munthu akamasankha yekha, akamaona kuti akutha, komanso akamawerengedwa pakati pa anzake. Mwana amene tikunenayu chimamusowa kwambiri ndi chachitatucho, ndipo kope silingachigule.

Choncho lekani kugawa kalasi kuti anyamata uku, atsikana uko. Popanga magulu, ana aziwerenga 1 mpaka 6, ofanana nambala akhale pamodzi. Chimodzimodzi posesa, potunga madzi kumjigo ndi pamzere wa phala. Motero safunika kusankha mbali pamaso pa kalasi yonse. Mupatseni ntchito yeniyeni imene gulu silingathe popanda iye, monga kulemba mayankho kapena kusunga mabuku. Pachimangirizo perekani mitu iwiri asankhepo. Poyamika tchulani chimene wachita: "Wakumbukira kubwereka khumi pa samu yachinayi." Mawu oti "wakhoza" okha samuuza choti abwereze mawa.

Wina akamutonza, dulani pompo ndi mawu ochepa: "M'kalasi muno timaitanana mayina." Wotonzayo mukambe naye payekha. Kulalikira kalasi yonse mwanayo ali pomwepo kumamuika pa mbalambanda, ndipo amakamulipsira panjira poweruka. Musamukakamize kusintha kayendedwe kapena mawu. Sizitheka, amangophunzira kukubisirani.

Yang'anirani kaundula. Akajomba masiku atatu otsatizana, kapena tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, fufuzani chimene chimachitika tsikulo, asanazolowere ganyu m'minda ya thonje kapena ya nzimbe ku Nchalo.