Mmene mungaonere nokha zomwe damu limachita ndi matope komanso zinyalala za mumtsinje

Magetsi akangothima mu January, kampani yopanga magetsi ya EGENCO n'kulengeza kuti zinyalala zatseka makina ku Nkula pa mtsinje wa Shire, anthufe pa Facebook timangoti bodza, madzi ali mbwee chonchi magetsi angasowe bwanji. Koma nkhaniyo ndi yoona, ndipo mutha kuiona ndi maso anu pa kadamu ka kumudzi kwanu komweko, ka sikimu kaya komwetsa ng'ombe, bola mukhale ndi mabotolo atatu, nsungwi, chingwe ndi mbale yakale yachitsulo.

Mtsinje sunyamula madzi okha ayi. Umasenza mchenga, dothi, masamba, mapesi, ndowe, ziputu, kaya mapepala a pulasitiki. Madzi akamathamanga amakwanitsa kusenza zonsezo, koma akangofika pa damu liwiro limatha nde amayamba kutula katundu, cholemera kaye, chopepuka pambuyo.

Yambani ndi mabotolo. Pezani atatu ofanana oonekera mkati, a Sobo aja amachita bwino. Mvula yamphamvu ikagwa, m'mawa mwake tungani madzi malo atatu: kumtunda komwe mtsinje sunalowe m'damu, pafupi ndi khoma, ndi kumunsi komwe madzi akutulukira. Lembani pa botolo lililonse komwe mwatunga, chifukwa ine ulendo woyamba ndinati ndikumbukira, kufika kunyumba onse ali phuli ofanana ndendende, ndinangotaya. Khutchumulani bwinobwino kenako muwaike pa windo osawagwiranso. Pakatha miniti imodzi kapena ziwiri mchenga ukhala utakhazikika pansi, pakatha maola angapo pamwamba pa mchengawo pabwera matope osalala, koma dothi la makande lija limakakamira, madzi amakhala otuwa mwina masiku awiri atatu. Tizidutswa ta masamba ndi udzu tiziyandama pamwamba. Yezani ndi rula. Nthawi zambiri botolo la kumtunda limakhala ndi matope ambiri kuposa la kumunsi, ndipo osowawo sanapite kulikonse, atsala m'damu mwanumo.

Bwerezaninso mu September kaya October. Apa mutha kudabwa kuona madzi a kumunsi ali obiriwira pang'ono pomwe a kumtunda ali mbee. Imeneyo ndi ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono tomwe timaswana m'madzi odikha pomwe dzuwa likuwomba. Ndiye kuti damu lagwira masamba ndi timitengo n'kutulutsa chakudya cha mtundu wina, ndipo tizilombo ta pa miyala kumunsiko timasinthanso, tosefa chakudya m'madzi timachuluka.

Chachiwiri n'kuyenda wapansi kuzungulira damulo madzi akaphwera. Musayambire pa khoma ngati momwe aliyense amachitira, pitani komwe mtsinje umalowera. Kumeneko mupeza chimulu cha mchenga chitayalana ngati lilime, penanso bango ndi nsenjere zamerapo kale, wina wabzalapo mpiru. Lilime limeneli limasendera ku khoma chaka ndi chaka, nde khomani chikhomo pomwe lathera lero kuti chaka chamawa mudzaone lasuntha mapazi angati. Pafupi ndi khoma pamakhala matope akuda onanda. Mukawabaya ndi ndodo pamatuluka thovu ndi fungo ngati la dzira lowola, amenewo ndi masamba ndi mapesi omwe anamira n'kumaolera pansi, ndipo akamaola amamaliza mpweya wa m'madzi, n'chifukwa chake nthawi yotentha mumaona nsomba zikupumira pamwamba m'mamawa.

Kuti mudziwe kuya kwa matope, boolani mbale ija pakati, mumange chingwe, muitsitse pang'onopang'ono mpaka ikhale pamwamba pa matope, mumange mfundo pomwe chingwe chalekezera madzi. Pambali pake lowetsani nsungwi yosongola mpaka igunde polimba. Nsungwi kuchotsera chingwe, yotsalayo ndi matope. Chitani malo asanu omwewomwewo chaka chilichonse ndipo muzilemba mu kope. Chonde musalowe ndi miyendo, matope a m'damu amagwira munthu mpaka m'chiuno, kulinso likodzo, yezerani pa bwato kapena pa khoma ndipo mukhale awiri. Ku Shire konko musayerekeze n'komwe, kuli ng'ona.

Kumunsi kwa khoma nakonso kaoneni. Madzi omwe atula katundu wawo amatuluka ndi mphamvu zotolera wina, nde amakumba pansi ndi m'mbali mwa mtsinje, mupeza mizu ya mitengo ili pamtunda, mchenga watha kwangotsala miyala, ndipo a madimba amadandaula kuti chonde chomwe madzi osefukira ankasiya sichikubweranso ngati kale.

Zomwe mwaona m'mabotolomo ndi zomwezo za pa Shire, kungoti kukula. Madzi ochokera ku nyanja ya Malawi amadutsa m'nyanja ya Malombe n'kufika pa baraji ya ku Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, atatula kale matope ambiri, vuto la pamenepo kwenikweni ndi namasupuni ndi zisumbu za udzu zoyandama, nde anatchinga mtsinje ndi chotchingira choyandama kuti azikokera zomerazo kumtunda. Matope ambiri amalowa kumunsi kwake, kuchokera m'mitsinje ngati Rivirivi, Lisungwi ndi Wamkulumadzi, komwe mitengo yatha ndi makala ndipo anthu alima mpaka m'mphepete. Madamu a ku Nkula, komwe magetsi anayamba kupangidwa mu 1966, ndi ku Kapichira komwe kunayamba mu 2000, si aakulu kwenikweni, akakwiririka madzi osungira amachepa, mchenga umadya makina, zinyalala zimatseka masefa a polowera madzi. N'chifukwa chake amakhalira kukumba matope ndi makina oyandama aja.

Pa kadamu kanu simungagule makina amenewo, komanso kukumba ndi makasu chaka ndi chaka n'kutaya mphamvu ngati kumtunda kukadali mbee. Ntchito yambiri ili m'minda ya kumtunda: akalozera, mizere ya vetiva yopingasa, kutseka zigwembe ndi miyala kaya zikhomo ndi nthambi, ndi kusiya bango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje. Apa pamafunika amfumu, chifukwa mwini munda wa kumtunda nthawi zambiri si amene amathirira ndi damulo, nde kumuuza kuti asiye mizere iwiri ya chimanga ndi nkhani yovuta ndithu. Kumbaninso dzenje lotakata pamwamba pang'ono pa polowera kuti mchenga uzitsalira mmenemo, kuuchotsa pouma mu October n'kosavuta ndipo omanga nyumba amaufuna. Ngati khoma lili ndi paipi ya pansi, itseguleni pa mvula zoyamba madzi akadali ofiira kuti matope adutse asanakhazikike, koma uzani kaye a kumunsi omwe amachapa ndi kumwetsa ziweto.

Matope akuda aja mukakumba musaunjike pa gombe, mvula imodzi yokha abwerera momwemo. Tutirani ku dimba, muwayale aume kaye milungu ingapo kenako musakanize ndi dothi. Namasupuni naye muvuuleni asanachite maluwa, mumuyanike patali ndi madzi mpaka aumiretu musanamuponye pa kompositi, chifukwa kachidutswa kamodzi kamoyo kakabwerera m'damu mwezi sutha mwayambanso kuvuula.