Kuphunzitsa Ogwira Ntchito pa Malo a Zochitika Kulandira Anthu Aulumali

Pokonzekeretsa alonda, ogulitsa matikiti ndi olandira alendo, mufunika tepi yoyezera, mapu a malowo, komanso mphunzitsi amene iye mwini ali ndi ulumali. Mabungwe monga FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali m'Malawi) ndi MANAD (bungwe la anthu osamva m'Malawi) ndi oyenera kuwafunsa.

1. Yendani nonse kuchokera pachipata mpaka kuchimbudzi, mukuyeza. Khomo lisachepere masentimita 90 m'lifupi, ndipo njira yokwerera njinga za anthu aulumali italike mamita 12 pa mita imodzi iliyonse yokwera.

2. Patulani malo a oyendera njinga pomwe angaone bwino ngakhale anthu akutsogolo ataimirira, ndipo mpando wa wowaperekeza ukhale pambali pawo. Anthu achialubino apatsidwe malo amthunzi.

3. Womasulira chinenero chamanja aime pafupi ndi wolankhula, pamalo owala.

4. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ngakhale ali ndi mtima wabwino: amathandiza asanafunse. Wogwira ntchito ayambe wafunsa kuti, "Kodi ndikuthandizeni, ndipo motani?" Asakankhe njinga ya munthu kapena kugwira ndodo yoyera ya wosaona, pakuti zimenezi zili ngati mbali ya thupi la mwiniwake. Apereke chigongono chake kuti wosaonayo agwire, n'kumamuuza akafika pa masitepe. Alankhule ndi munthuyo mwachindunji, osati ndi womuperekeza.

5. Yeserani kutuluka ngati kwabuka moto. Osamva sadzamva chilengezo cha pa chimkuzamawu, choncho wogwira ntchito aliyense adziwe gawo lake ndi anthu amene adzawatulutse.