Foni, tabuleti kapena kompyuta ya patebulo? Umu ndi mmene mungasankhire musanatulutse ndalama

Anthu akungofunsa kuti kodi foni yalanda malo a kompyuta, makamaka munthu akapeza kandalama kogulira chipangizo chimodzi chokha. Ine ndimati kunyumba inde yalanda, koma pa ntchito zina sinafikepo. Ndipo kwathu kuno ambiri sitinadutseko nkomwe pa desikitopu, kompyuta yoyamba kuigwira inali foni, Tecno kapena Itel, basi.

Nde musanapite kushopu tengani pepala mulembe ntchito zomwe mumachita pa sabata. Ngati zambiri ndi kuyankha makasitomala pa WhatsApp, kuika zithunzi za katundu pa Facebook, kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kugula mayunitsi a magetsi, kuwerenga imelo ndi kulowa miting'i ya pa Zoom, musavutike, foni yabwino ikukwanirani ndipo desikitopu ingodzakhala pakona nkumatola fumbi. Koma ngati mwalemba zinthu ngati Excel ya mizere mazanamazana, kulemba disateshoni, SPSS, AutoCAD, QGIS, ma akaunti a pa Sage kapena kudula mavidiyo a ukwati wonse, apo mukufunika kompyuta, musadzinamize. Mapulogalamu amenewa ena pa foni kulibiretu, ena alipo koma odulidwa miyendo.

Chachiwiri ndi magetsi, ndipo apa ndi pomwe desikitopu imagonjera. Iyo pamodzi ndi sikirini yake imadya mawati pakati pa 100 ndi 200, chaja ya laputopu nthawi zambiri imakhala ya 45 kapena 65, pomwe foni imangofuna 10 mpaka 25, kasola kakang'ono kapena pawabanki nkukwanira. Choopsa nchoti desikitopu ilibe batire, magetsi akangothima nayonso yathima pompo, zomwe simunaseve zapita. Amene ankagwira ntchito mu 2022 akukumbuka, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kunkakhala mdima maola ambiri pa tsiku, wa laputopu ndi foni ankalimbikirabe pomwe wa desikitopu amangokhala manja lende. Choncho ngati mwasankha desikitopu, mu bajeti muikemo UPS, kabokosi ka batire kothandiza kompyuta kuti isathime pompo magetsi akazima, ndipo dziwani kuti UPS yaing'ono imangokupatsani mphindi zochepa zoti museve nkuzimitsa bwinobwino, si yogwirira ntchito tsiku lonse ayi.

Tsopano kwa inu amene ndalama ikungokwana foni, pali njira yoisandutsa kachida kogwirira ntchito. Gulani kiyibodi ya Bluetooth, kapena kachingwe ka OTG komwe kamalola kulumikiza kiyibodi wamba, mausi ngakhale fulashi ku foni. Onetsetsani kabowo ka foni yanu kaye, ngati ndi Type-C kapena kakale kaja ka micro USB, chifukwa zingwezi nzosiyana, komanso mafoni ena amafuna mukayatse OTG mu Settings kaye ndi pomwe aone chomwe mwalumikizacho. Ikani Google Docs kapena WPS Office, zonse nzaulere, ndipo mu Docs muli poti mudine kuti fayilo izitseguka ngakhale opanda intaneti, muzilemba bandulo itatha. Apu ya Google Drive ili ndi sikana, mumajambula satifiketi kapena lisiti iyo nkukupangirani PDF yooneka bwino, si zomatumiza chithunzi chopendekera chooneka zala pofunsira ntchito. CV mukamaliza kulemba nayonso isevedwe ngati PDF musanaitumize kwa wa siteshonale kuti akapulinte, apo ayi mizere imasokonekera ikatsegulidwa pa makina ena. Foni muiimike pa kasitandi kuti ifike pafupi ndi maso, khosi lanu nalo ndi lofunika, kuwerama maola atatu pa kasikirini kakang'ono kumapweteka zedi.

Amene muli ndi Samsung za Galaxy S, kuyambira S8 ya 2017, ambiri muli ndi DeX. Mukalumikiza foni ku TV kapena sikirini ndi chingwe cha HDMI imaoneka ngati kompyuta ndithu, mawindo kumatseguka angapo nthawi imodzi. Koma mafoni otchipa ambiri satulutsa chithunzi kudzera pa kabowo ka chaja, nde musathamangire kugula chingwe musanayese.

Tabuleti ili pakatikati. Yowerengera mabuku a PDF, yophunzirira ana, yotolera zambiri m'midzi, imachita bwino kwambiri. Kalembera wa anthu wa 2018 anagwiritsa ntchito matabuleti mmalo mwa mapepala, ndipo pulogalamu ya BEFIT yomwe inayamba mu 2023 ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Koma onani kuti ntchito zonsezi ndi zodina ndi kuwerenga, si zolemba masamba makumi asanu. Ngati mukugula tabuleti sankhani yolowa simu khadi, chifukwa ya WiFi yokha ikuvutitsani pokhapokha kunyumba kuli rauta.

Kwa wophunzira wa ku koleji kapena wa bizinesi yaing'ono, ine ndimalangiza laputopu yogwiritsidwapo kale, za ex-UK zija, mmalo mwa desikitopu. Koma muyang'anitsitse. RAM, memori yomwe kompyuta imagwirira ntchito, isachepere 8GB, ndipo chosungira mafayilo chikhale SSD osati hadi disiki yakale yozungulira ija. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kuti purosesa, ngati ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, monga i5-8250U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwowo, koma kuyambira m'badwo wa 10 muziwerenga manambala awiri oyamba. Wogulitsa akangoti ndi Core i7 musakomedwe, i7 ya m'badwo wa 3 ndi nkhalamba. Muzule chaja pomwepo mushopu muone ngati batire ikusunga moto, mudine mabatani onse, muyesenso kamera ndi mabowo a USB.

Desikitopu malo ake akadalipo, ku ofesi, kubanki, ku labu ya sukulu, ku siteshonale, ku situdiyo. Njosavuta kukonza, chikaonongeka chimodzi mumangosintha chomwecho, komanso wakuba sangaiike m'thumba. Foni ndiye imasowa mu minibasi kapena pa depoti kamphindi kochepa, ndipo ngati bizinesi yonse inali mmenemo mumalira kawiri. Choncho lero lomwe ikani loko pa sikirini, yatsani two-step verification pa WhatsApp, chitetezo choonjezera choti wina asalande akaunti yanu, imbani *#06# mulembe mu kope nambala ya IMEI, yomwe ndi yozindikiritsa foni yanuyo, ndipo mafayilo ofunika muwasunge pa Google Drive, amapereka 15GB ulere.

China chomwe ambiri amaiwala akagula laputopu nkumaigawira intaneti kuchokera pa hotspot ya foni: Windows imayamba kudawuniloda ma update payokha, bandulo ya mwezi nkutha usiku umodzi. Lowani mu Settings, pa Network & internet, sankhani WiFi ya foni yanuyo nkuyatsa Metered connection, ma update akuluakulu muzikapangira komwe kuli WiFi yopanda malire.