Kukompayila pulogalamu nokha pa terminal, tiyesere pa nano

Pa Ubuntu tinazolowera kungolemba sudo apt install basi zatheka, koma apt amakupatsani version imene inalipo nthawi imene Ubuntu wanuyo amatuluka, mwachitsanzo nano, pulogalamu yolembera mafayilo pa terminal: Ubuntu 22.04 ili ndi nano 6.2 pomwe nano 8.0 inatuluka mu 2024, ndiye mukafuna yatsopanoyo mutenge source code mumange nokha. Source code ili ngati masamba a tiyi ongothyoledwa kumene m'maesiteti a ku Thyolo kuno, simungamwe asanadutse ku fakitale, ndipo fakitale yake apa ndi gcc ndi make. Zonse ziwiri zimabwera mukalemba:

sudo apt install build-essential

Imeneyi ndiye imadyako bandulo koma ndi kamodzi kokha. Ka fayilo ka nano komwe n'kakang'ono, mmodzi akakatsitsa pa nano-editor.org enanu mungogawana pa flash. Kenako:

tar -xf nano-8.0.tar.xz
cd nano-8.0
./configure

Musanathamange werenganiko README, mapulogalamu ena sagwiritsa configure amagwiritsa cmake kapena meson.

Tsono pa ./configure apa ndi pamene anthu ambiri amathawira, zilembo zimangoyenda mbwee checking ichi checking icho kenako error, munthu n'kutseka laputopu kuti zakanika. Ayi ndithu sizinakanike, configure amangofufuza ngati kompyuta yanu ili ndi zonse zofunika ndipo akasowa kanthu amakatchula dzina, werengani mizere yomalizira yokhayo. Pa nano nthawi zambiri amadandaula za curses (kapena ncurses, imene nano amagwiritsa poonetsa zinthu pa terminal), ndipo chosokoneza n'chakuti ncurses muli nayo kale mu makinamo, koma imene ilipoyo ndi yoyendetsera mapulogalamu omangidwa kale, pomanga pamafunika ma header file omwe Ubuntu amawaika padera mu package yothera ndi -dev. Ndiye lembani sudo apt install libncurses-dev mubwereze ./configure. Pulogalamu ina ikafuna zlib ndi zlib1g-dev, ikafuna OpenSSL ndi libssl-dev, simukudziwa dzina lake yesani apt search. Mutha kuzungulira chonchi kangapo chifukwa configure amaima pa chosowa choyamba, osatopa.

Ikadutsa lembani make -j2, nambalayo ikutanthauza ntchito ziwiri nthawi imodzi, nproc akuuzani ma core amene muli nawo koma ka laputopu kakale ka RAM yochepa musakakakamize, kamatentha fani n'kumalira, kachotseni pa bulangeti mukaike pa tebulo ngakhale kunja kuli chiperoni. Magetsi akathima batire n'kutha pakati musadandaule, make amaona zimene anamaliza kale n'kupitiriza pomwe analekezera, pokhapokha akayamba kulankhula zosamveka ndiye make clean muyambirenso.

Pomaliza sudo make install, ndipo sudo ndi wa apa pokha, osati pa configure kapena make. Zimakakhala mu /usr/local, sizikhudzana ndi nano wa apt amene ali mu /usr/bin. Ngati kompyutayo ndi ya kuntchito mulibe password ya sudo, yambani ndi ./configure --prefix=$HOME/.local ndiye make install iyenda popanda sudo.

Tsegulani terminal ina mulembe nano --version (ngati munaika mu $HOME/.local lembani ~/.local/bin/nano --version) muone 8.0. Foda ija nano-8.0 musaifufute chonde, apt sakudziwa kuti mwaika chinthu, tsiku lofuna kuchotsa mudzalowa momwemo n'kulemba sudo make uninstall.