Madontho oyera akumangobwerera pa nsomba za m'madzi amchere? Chitani izi

Ife akuno ku Zomba tinazolowera mbuna za kunyanja kwathu ndi chambo cha m'maiwe a ku Domasi, ndiye munthu ukayamba kuweta nsomba za m'nyanja yamchere, ma clownfish ndi ma tang aja, malangizo omwe anzako amakupatsa nsomba zikatuluka madontho oyera amakhala a madzi opanda mchere, akuti thira mchere, kweza hita, zitha. Apa sizigwira zimenezo. Kachilombo kake nkena, dzina lake Cryptocaryon irritans, ndipo mchere ndi kwawo.

Chomwe chimapusitsa anthu nchakuti timadontho tija timasowa tokha. Kachilomboka kamakhala pakhungu ndi m'makha, mopumira nsomba muja, masiku 3 mpaka 7, kakakhuta kamagwera pansi nkukamatirira pa mchenga kapena mwala, kamadzikuta mu kachikopa kolimba nkumagawikana mkatimo, kenako tiana mazanamazana timatuluka kukasaka nsomba. Inu mukusangalala kuti zachira, pomwe zikungoswana pansipo. Zili ngati nsikidzi, mutha kusamba bwanji koma ngati zili m'mphasa usiku zikulumaninso basi. Nthawi zambiri zimatuluka pasanathe mwezi, koma zinapezekapo zitakhala phee mpaka masiku 72 madzi akakhala ozizira.

Poyamba muonetsetse kuti ndi matenda omwewa. Madontho ake amakhala ngati timibulu ta mchere toti mutha kuwerenga, nsomba imadzikhula pamiyala ndipo imapuma mofulumira. Ikaoneka ngati yawazidwa ufa thupi lonse ndipo nsomba zikufa motsatizana m'masiku ochepa, imeneyo ndi nthenda ina yotchedwa velvet, yoopsa kuposa, thamangirani mankhwala a kopa (copper) tsiku lomwelo.

Ndiye tulutsani nsomba ZONSE mu thanki yaikulu. Zonse ndithu, ndi ija ikuoneka yabwinobwinoyo, chifukwa itha kusunga tizilombo m'makha popanda dontho ngakhale limodzi pathupi, ndipo ikatsala imodzi yokha ntchito yonse yapita pachabe. Mwina mufunika kuchotsa miyala kuti muzigwire, chotsani, mudzabwezeretsa.

Zipite mu thanki yachipatala. Siifuna zambiri, galasi lopanda mchenga, lopanda miyala, muikemo hita, pampu ya mpweya, kasefa ka siponji ndi zidutswa za mapaipi a PVC zoti nsomba zizibisalamo. Mchenga ndi miyala ya korali imamwa mankhwala, nchifukwa chake sitiikamo. Madzi a pampopi athu ochokera ku Mulunguzi muyambe mwawachotsa klorini musanasungunulemo mchere, ndipo ukhale mchere wa aquarium weniweni, wa kukhitchini ayi.

Pochiza pali njira zitatu, musankhe imodzi osaphatikiza. Ine ndimaona kuti kopa ndi wodalirika kwambiri, bola mukhale ndi test kit yake yoyezera kuchuluka kwa kopa m'madzi, popanda iyo musayambe nkomwe chifukwa akachepa sapha kanthu, akachuluka amapha nsomba. Mlingo umasiyana malinga ndi mtundu, Cupramine amafuna 0.5 mg pa lita, mitundu ina manambala ake ndi ena ndiye werengani pa botolo. Muzikweza pang'onopang'ono masiku angapo mukuona ngati nsomba zikudya, akafika pa mlingo mumusunge pomwepo masiku 30, kuyeza tsiku lililonse. Akatsika ngakhale tsiku limodzi muyambirenso kuwerenga. Ndipo chonde, mankhwala aja ochotsa amoniya (poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba) monga Prime musathire m'madzi momwe muli Cupramine, amasandutsa kopayo kukhala poizoni. Amoniya akakwera sinthani madzi, atsopanowo muwathiriretu kopa pa mlingo womwewo.

Njira yachiwiri nkutsitsa mchere kuchoka pa 1.025 kufika pa 1.009 m'masiku awiri, nkuusunga choncho masiku 30. Pamafunika refractometer, chida choyezera mchere m'madzi chomwe chimaonetsa manambala amenewa, yoyeza bwino, tizida tina tija tapulasitiki tokhala ndi kamuvi timanama. Madzi akauma pang'ono mchere umakwera ndiye tsiku lililonse muzithira madzi opanda mchere kufika pa mzere omwe mwalemba pagalasi, muziyang'ananso pH (muyeso wa asidi m'madzi) chifukwa imakonda kutsika. Pobwezeretsa mchere osapupuluma, pafupifupi 0.002 patsiku. Velvet njira imeneyi siimva.

Yachitatu ndi ya amene mankhwala akuvuta kupeza, poti zinthu izi timachita kuitanitsa kwa obwera kuchokera ku Joni. Mumakhala ndi mathanki awiri kapena mabeseni awiri akulu, chilichonse ndi hita yake ndi paipi yake ya mpweya, ndiye musanadutse maola 72 mumasamutsa nsomba kupita mu china, kanayi, pafupifupi masiku 13 onse. Chomwe mwachokamocho mutsuke ndi jiki, mutsukuluze bwino, chiume gwa musanachigwiritsenso. Tizilombo togwa timatsala m'mbuyo tisanaswe. Ndi yotopetsa ndipo imadya mchere wambiri koma imagwira.

Tsopano thanki yaikulu ija, apa ndi pomwe ambiri amagonja. Isiyeni yopanda nsomba masiku 76. Makorali, ma shrimp, nkhanu ndi nkhono zitsale momwemo, kachilomboka sikadya zimenezo, ndipo musathiremo kopa olo dontho chifukwa zonsezi zifa. Tiana tikatuluka nkusowa nsomba timafa pasanathe masiku awiri, ndiye mukungodikira kuti womaliza atuluke afe ndi njala. Lembani tsiku lake pa kalendala. Nsomba zikamaliza mankhwala pa tsiku la 30 zimadikirabe kuchipatala konko m'madzi oyera, mukuziyang'ana, ngakhale ana kunyumba adandaule kuti thanki ya pa sitingirumu ilibe kanthu.

Kuzizira kwa kuno musakuderere. Juni ndi Julaye, makamaka okhala m'munsi mwa phiri, madzi amazizira msanga usiku magetsi akathima, ndipo kuzizira kumachedwetsa tizilombo kuswa komanso kumafooketsa nsomba. Madzi akhale pa madigiri 25 mpaka 27, magetsi akapita fundikani mathanki ndi bulangete ndipo mukhale ndi kapampu ka mpweya ka mabatire, nsomba yodwala makha siichedwa kubanika.

Za adyo yemwe ena amati amachiza, athandiza mwina kuti nsomba idye koma sapha kachilombo. Nyali ya UV, yophera tizilombo m'madzi, imangotichepetsa.

Kaneti, ndowa ndi paipi yopopera madzi zikhale zosiyana pa thanki iliyonse, manja onyowa omwe amanyamula tizilombo. Ndipo kuyambira pano nsomba yatsopano iliyonse iyambe yakhala payokha masiku 30 isanalowe mu thanki yaikulu, madzi a mu pulasitiki yomwe yabweramo mutaye panja. Korali kapena mwala watsopano nawonso utha kubwera ndi tizilombo tomatirira, umenewo uyambe wakhala masiku 76 mu thanki yopanda nsomba.