Momwe mungatetezere penti wa galimoto ku mchere wa m'misewu ya ku UK nyengo yachisanu

Kwathu galimoto imakalamba ndi dzuwa, fumbi ndi maenje. Kuno ku UK imakalamba ndi mchere. Kuyambira cha kumapeto kwa Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, a zanyengo akangolosera kuti usiku kuzizira mpaka madzi kuundana, malole a khonsolo aja amawatcha ma gritter amatuluka kukamwaza mchere wa miyala m'misewu. Mchere wake ndi wofiirira ngati dothi, ndipo wambiri umakumbidwa pansi pa nthaka ku Winsford, ku Cheshire. Ukasungunuka umasanduka matope amadzimadzi amene lole ya patsogolo panu imakuwazani ulendo wonse pa msewu waukulu wa M6. Akauma ndiye zoyera zija mumaziona m'munsi mwa zitseko. Penti wabwinobwino mchere sumuboola, koma pamene kamwala kanagamula mpaka chitsulo kuonekera, dzimbiri limalowa msanga. N'chifukwa chake wogula wochenjera wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akamva kuti galimoto ndi ya ex-UK amayamba wagwada n'kusuzumira kunsi.

Ntchito yoteteza penti ndi ya tsiku limodzi, ndipo tsikulo likhale la mu Okutobala, mawotchi asanabwezedwe ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la mweziwo. Mukadikira Disembala, dzuwa lidzakhala likulowa 4 koloko isanakwane, kunja kuli chinyezi chokhachokha. Mankhwala ambiri sagwira bwino kuzizira kukatsika pansi pa 5°C, ena amafuna 10°C.

Mugule chiyani

Ife chilichonse chowalitsa timangoti polishi, kaya ya nsapato, kaya ya pasimenti, kaya ya galimoto. Mukalowa ndi mawu amenewa mu Halfords, shopu ya zamagalimoto, mukhoza kutuluka ndi botolo lolakwika. Chimene alemba kuti polish ndi chopalira. Muli timchenga tosaoneka ndi maso timene timapala pang'ono pamwamba pa penti kuti mikwingwirima ichoke, ndipo yambiri siteteza kanthu. Kumbukiraninso kuti kachigawo kowala ka pamwamba pa penti, ka clear coat, ndi kopyapyala kuposa pepala la m'kope, ma micron 40 mpaka 50 basi. Kakatha sikamereranso. Zimene mukufuna inu ndi wax kapena sealant.

Wax yachilengedwe imapangidwa ndi carnauba, phula lochokera ku masamba a mtengo wina wa mgwalangwa wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Palokha ndi lolimba ngati mwala, ndiye amalisakaniza ndi mafuta kuti lipakike. Pa galimoto yakuda kapena yofiira kuwala kwake n'kosiririka, koma mumchere ndi mumvula ya kuno imatha pakangopita masabata 6 mpaka 8. Mukapaka mu Okutobala, pofika Khirisimasi mwatsala ndi chitini chokha. Imeneyi isungireni chilimwe.

Sealant ndi yopangidwa ku fakitale ndi ma polymer amene amamatirira pa penti n'kuuma. Imapirira sopo ndi mchere, ndipo yopakidwa bwino imakwanitsa miyezi 4 mpaka 6. Nyengo yachisanu yonse ndi imeneyo. Palinso zosakaniza, zooneka ngati wax ya m'chitini koma m'kati muli ma polymer, ndipo kwa munthu wopaka ndi manja pakhomo zimenezi ndiye zoyenera. Zodziwika kwa anthu a ntchitoyi ndi Collinite 476S ya ku America, Finish Kare 1000P, Double Speed-Wax ya Bilt Hamber ya konkuno, ndi Fusso Coat ya Soft99 ya ku Japan, imene ili mitundu iwiri, ya penti wowala ndi ya penti wakuda. Ofuna yamadzimadzi ya m'botolo, Extra Gloss Protection ya Autoglym imapezeka pafupifupi m'shopu iliyonse ya zamagalimoto. Zambiri mwa izi mtengo wake umasewera pakati pa £15 ndi £30, ndipo chitini chimodzi chimakutengerani zaka.

Miyezi yolembedwa pa chitini muziichotserako. Akati miyezi 12, pa galimoto yogona panja yoyenda tsiku ndi tsiku werengerani theka. Za timabotolo ta pa intaneti ta £6 tolembedwa "9H ceramic" (ceramic ndi mankhwala amene akauma amakhala kachigawo kolimba ngati galasi pa penti), topanda dzina la kampani kapena malangizo omveka, musataye ndalama. Kakakhala kabodza ndi madzi a silicone chabe, masabata awiri kapita. Kakakhala kenikeni n'koopsa kuposa, chifukwa ceramic ikauma ndi mizere simungaipukute ndi nsalu, imafuna makina opalira. Ceramic yeniyeni asiyireni akatswiri okhala ndi galaja yofunda, ndipo kumeneko mukalipira mapaundi mazana angapo.

Wina akafuna zonse ziwiri, sealant ndiyo iyambe pa penti wosapakidwa kanthu, wax ibwere pamwamba mawa lake. Mukatembenuza, sealant imakhala pa mafuta ndipo imachoka nawo limodzi.

Kutsuka kwake si kwa Loweruka lililonse kuja

Sealant imagwira penti, sigwira litsiro. Yambani ndi kuthira madzi amphamvu, kapena thovu la snow foam ngati muli ndi makina ake, kuti mchenga ugwe musanakhudze galimoto. Kenako ndowa ziwiri, ina ya shampu ina ya madzi okha yotsukuluziramo, kuyambira padenga kutsika. Shampu yake ikhale yopanda wax m'kati. Siponji yachikasu ija itayeni, imasunga mchenga pamwamba n'kumakanda nawo penti. Gulani chovala cha m'manja cha microfibre.

Mukatsukuluza, lowetsani dzanja m'kajumbo kapulasitiki kopyapyala n'kusisita boneti. Mumva ngati mukusisita chipupa cha simenti. Timeneto ndi tizitsulo ta fumbi la mabuleki tolowerera mu penti, ndi timadontho ta tara. Tizitsulo timachoka ndi fallout remover. Fungo lake ndi la mazira owola, musadabwe. Ipoperani pa penti wozizira, ndipo pakapita mphindi 3 mpaka 5, pa galimoto yoyera muona kadontho kalikonse kakutulutsa mzere wapepo kutsetsereka pa chitseko ngati chikukha magazi. Tsukuluzani isanaume. Tara ali ndi mankhwala akeake, tar remover, ndipo ambiri amakhala kumbuyo kwa matayala ndi m'munsi mwa zitseko.

Zotsala zimachoka ndi clay bar, kadongo kofewa ngati chingamu. Ka magalamu 100 kaduleni patatu, kapondeni m'manja kapena kavikeni m'madzi ofunda kuti kafewe, chifukwa kozizira kamakanda. Nyowetsani penti ndi madzi a shampu n'kumakatsetsereza mopepuka mpaka phokoso la kukhula litasiya. Kakagwa pansi katayeni, n'chifukwa chake munadula patatu. Umitsani galimoto ndi thaulo la microfibre, osaiwala m'mipata ya magalasi a m'mbali ndi m'zogwirira zitseko, mmene madzi amabisala n'kudzatsika mutayamba kale kupaka. Pomaliza pukutani ndi panel wipe, kapena spiriti wa IPA (isopropyl alcohol), gawo limodzi kusakaniza ndi magawo anayi a madzi, kuchotsa mafuta otsalira. Pamene pagamuka dontheza penti wa touch-up tsopano, ndipo pamenepo musapakepo wax mpaka papite masabata angapo.

Kupaka, pamene ntchito imaonongekera

Anthu amagula chinthu chabwino, amatsuka bwino, n'kudzagwa apa. Zolakwika zake ndi ziwiri ndipo kawirikawiri zimabwera limodzi: kupaka mochindikala, ndi kupaka mochedwa.

Dzanja lozolowera polishi wa pansi limafuna kuona zoyera mbee kuti likhutire. Pa galimoto chimene chimagwira penti ndi kachigawo kapansi kokha, kosaoneka n'komwe. Zonse za pamwamba pake muzichotsa ndi nsalu, ndipo zikachuluka zimauma ngati simenti, makamaka Collinite ndi Fusso Coat. Tengani kasiponji kozungulira ka applicator, kanyowetseni pang'ono n'kufinya, kazunguzeni m'chitini theka lokha. Zimenezo zikwana chitseko chonse. Boneti imafuna kawiri kapena katatu. Pakani mizere yowongoka, kupita ndi kubwera, kenako mopingasa. Pa galimoto ya siliva kapena yoyera muyenera kuwerama n'kuyang'ana cham'mbali kuti muone pamene mwadutsa. Ngati mukuona muli chiimire, mwachulutsa.

Musapake galimoto yonse kuti mudzapukute pamapeto. Pakani zigawo ziwiri, bwererani kukapukuta choyamba. Nthawi yodikira imasiyana, ena mphindi 2 mpaka 5, ena 15 mpaka 20, ndipo kukazizira imatalika, ndiye musadalire wotchi yokha. Dutsitsani chala choyera pamene mwapakapo. Chikasiya mzere woyera bwino wowala, yapsa, pukutani. Chikangopaka mafuta, dikirani. Nsalu zikhale zosachepera zinayi, zopinda kanayi, ndipo muzitembenuza mbali ikangoyamba kulemera.

Tsopano za kuchedwa. Kutsuka ndi clay kumadya maola atatu kapena anayi, ndiye amene wayamba 11 koloko amafika pa wax cha m'ma 3. Kumwamba kuli kowala, mvula kulibe, zonse zikuoneka bwino. Koma dzuwa likangopendeka, chitsulo cha denga ndi boneti chimazizira msanga kuposa mpweya, ndipo mame amayamba kukhalapo maso asanawaone. Wax yopakidwa pamenepo siuma. Mukapukuta, nsalu imakakamira, mafuta amangosuntha kuchoka apa kupita apo, ndipo m'mawa mwake boneti yakuda imaoneka ya mitambomitambo ngati galasi la kubafa. Choipa kwambiri n'chakuti madzi alowa pakati pa penti ndi sealant, ndiye chinthu cha miyezi 6 chija chitha m'masabata atatu, inu n'kumanena kuti anakugulitsani chabodza.

Njira yake ndi kuyamba kutsuka 8 koloko kuti kupaka kuchitike pakati pa 11 ndi 2. Yambani denga ndi boneti, chifukwa ndi zimene zimagwira mame poyamba, zitseko zibwere pambuyo. Musanapake chigawo chilichonse chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Chikamveka chonyowa, kapena mukauzira mpweya nthunzi n'kukhalitsa osachoka, lekani, mawa kuliko. Kapena gawani ntchito: kutsuka Loweruka, Lamulungu m'mawa kungotsukuluza fumbi, kuumitsa ndi kupaka. Sankhaninso tsiku limene usiku wake sikugwa mvula, chifukwa sealant zambiri zimafuna maola 12 mpaka 24 zisananyowe. Amene ali ndi mnzake wa galaja, nthawi yomupempha ndi ino.

Zikakuonongekerani musalimbane nazo ndi mphamvu, mukanda penti. Pakani wax yatsopano pang'ono pamwamba pa youma ija, mafuta ake amafewetsa yakaleyo, n'kupukuta pompo. Za mitambo ya mame, dikirani tsiku louma, chotsani ndi panel wipe, yambiraninso chigawo chimenecho. Wax ikakhudza pulasitiki yakuda ya bampala imasiya zoyera zimene zimaonekera patapita masiku. Labala yofufutira pensulo kapena mswachi wakale ndi sopo zimachotsa, koma tepi ya mapepala yomata musanayambe ndi yotchipa kuposa ntchito imeneyo.

Opanda poimika pakhomo, ndi zotsala

Okhala m'ma flat, oimika mumsewu, ogwira mashifiti osapeza tsiku lathunthu: pali sealant zopopera pa galimoto yonyowa, monga WetCoat ya Gyeon. Pitani pa jet wash ya pa filing'i siteshoni, tsukani, poperani kawiri kapena katatu pa chigawo chimodzi, tsukuluzani nthawi yomweyo ndi madzi amphamvu. Mukachedwa imasiya mizere. Sikhalitsa ngati ya m'chitini, ndiye muzibwereza mwezi ndi mwezi kapena ikapita iwiri.

Marimu apakeni sealant yomweyo. Mphira za zitseko zipakeni silicone kuti zisamatirire ndi chisanu. Kunsi wax ya penti sikufikako, ndipo kumeneko ndi kumene dzimbiri limagwetsa galimoto pa MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Kumafuna mankhwala ake monga Lanoguard, Waxoyl kapena Dynax, opopera kuli kouma.

Kuchokera apo muzitsukuluza mchere masabata awiri alionse, kulowetsa paipi m'makhonde a matayala ndi kunsi, ndi shampu yolembedwa pH neutral. Sopo wa mbale ayi. Malo otsukira ndi manja otchipa aja ambiri amayamba ndi mankhwala aukali ochotsa litsiro la m'misewu, otchedwa TFR, amene amadya wax msanga, ndiye mukapitako auzeni asapopere. Chopalira ayezi n'cha galasi chokha, pa penti chisafike. Madzi akasiya kupanga timikanda pa zitseko cha mu Januwale, tsukani bwino kaye muone, nthawi zambiri ndi litsiro chabe lakwirira. Akapanda kubwerera, poperani sealant ya pa galimoto yonyowa ija, ikufikitsani mu Epulo.