Momwe mungadziwire komwe chithunzi chinajambulidwa poyang'ana ndege yomwe ilimo

Chithunzi cha ndege chikafika pa WhatsApp ndi mawu akuti chajambulidwa lero ku Lilongwe kapena ku Chileka, mungathe kufufuza nokha ngati zimenezo n'zoona, chifukwa ndege iliyonse imanyamula zizindikiro zomwe n'zovuta kubisa.

Yambani ndi nambala ya ndegeyo. Ikuzeni chithunzicho ndipo yang'anani chakumbuyo, pafupi ndi chipsepse, kapena kunsi kwa phiko. Zilembo zoyambirira zimatchula dziko lomwe ndegeyo inalembetsedwa: 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, C9 ndi Mozambique, 5H ndi Tanzania, 5Y ndi Kenya, ET ndi Ethiopia, ZS ndi South Africa, pomwe N ndi America. Mukaiona nambala yonse, ilembeni pa Flightradar24 kapena FlightAware kuti muone maulendo omwe ndegeyo yayenda masiku apitawa, ndiponso pa JetPhotos kapena Planespotters.net, komwe anthu okonda ndege amaikako zithunzi zolembedwa tsiku ndi bwalo lomwe anajambulira. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa nambala imanena kwawo kwa ndege, osati komwe inali pa tsikulo. Ngakhale ndege za Malawi Airlines, kampani yomwe inayamba kuuluka mu 2014 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi magawo 49 pa 100 alionse, zakhala zikuyenda ndi nambala zoyamba ndi ET, choncho kuona ET sikutanthauza kuti chithunzicho n'cha ku Addis Ababa.

Ngati nambala sikuwerengeka, yang'anani mtundu wa ndegeyo. Werengani mainjini, onani ngati ndi amapulopela kapena a jeti, ndiponso ngati mapiko ali pamwamba kapena pansi pa thupi lake. Boeing 747 ili ndi linunda kutsogolo, pomwe Airbus A380, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2007, ili ndi mizere iwiri ya mawindo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Dash 8 ndi ATR 72 zimafanana kwambiri mukaziona patali, koma mateyala akuluakulu a Dash 8 amatuluka kunsi kwa mainjini, pomwe a ATR amatuluka m'mimba mwa ndegeyo. Kusiyanitsa kotereku n'kofunika kwambiri pa nthawi ya ngozi, pamene mitima ili m'mwamba ndipo anthu amangotumizirana chilichonse. Ndege yomwe inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, momwe munali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima, inali Dornier 228, yaing'ono, ya mapulopela awiri, kotero chithunzi choonetsa injini yaikulu ya jeti sichingakhale cha ngoziyo.

Utoto wa kampani umathandiza kudziwa nthawi. South African Airways inasiya chipsepse cha mtundu wa lalanje chokhala ndi chizindikiro cha insa mu 1997, ndipo Air Malawi inasiya kuuluka mu 2013, choncho ndege yooneka chonchi ikunyamula anthu ikusonyeza kuti chithunzicho n'chakale.

Kenako tembenukirani ku zomwe zazungulira ndegeyo, pakuti malo enieni amadziwika ndi zimenezi. Yang'anani nsanja ya oyang'anira ndege, denga la nyumba yodikiriramo, mapiri akumbuyo, chilankhulo cholembedwa pa zikwangwani, mayina a pa magalimoto amafuta ndi pa malaya a ogwira ntchito, kenako muzifananize ndi bwalo lomwe mukuliganizira pa Google Earth. Ndi bwinonso kufunsa ngati kampaniyo imatera pa bwalolo n'komwe, zomwe zimaoneka pa ndandanda wa maulendo ake.

Pomaliza, lowetsani chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye kuti muone ngati chinatulukapo kale kwina, ndipo mufune chakale kwambiri mwa zomwe zapezeka. Musadalire tsiku ndi malo zomwe foni imasunga mkati mwa chithunzi, chifukwa WhatsApp ndi Facebook zimafufuta zimenezo chithunzi chikatumizidwa mwa njira yanthawi zonse. Ngati mungathe kulankhula ndi amene akuti anajambula, mupempheni kuti achitumize ngati dokyumenti, kuti tsiku ndi malowo zisafufutike.